Uta Umene Tidaupeza Kutsindwi

Chilimwe chathachi tidamvana pabanja kuti nyumba ya malemu agogo aamuna tiifolere malata. Udzu wofolera ukusowa kwathu kuno m'tsinde mwa phiri la Chongoni, pakuti madambo amene tinkamwetamo adasanduka madimba a kabichi ndi kachewere. Anyamata atakwera kukasasula denga, mmodzi adakuwa kuti njoka, n'kudumphira pansi. Titasuzumira bwino tidaona kuti ndi uta, wakuda bii ndi mwaye, utatsomekedwa pakati pa phaso ndi udzu. Pambali pake padali phodo lachikopa, louma gwa, muli mivi isanu ndi iwiri.

Nditati ndisolole muvi umodzi, udangofumbutukira m'manja. Bango lonse lidafumbwa kalekale. Titakhuthulira pa lichero tidapeza timitu tisanu tachitsulo, kamutu kamtengo kobulungira ngati chibonga cha mwana, ndi kanthu kena kotuwa, kosongoka, kotalika ngati chala. Ine ndidakayesa kamtengo. Amalume adakatembenuzatembenuza, kukagogoda pa dzino, nati, "Fupa ili. La mwendo wa gwape."

Lichero lija silikundichoka m'mutu. Mwana wobadwa mawa akadzaona timitu timeneti adzati muvi ndi chitsulo, monga timaganizira tonsefe tikaona mikondo yadzimbiri m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Koma ine ndidakhalapo pambali pa agogo akupanga muvi, ndipo ndidaona kuti kamutu kankabwera pomalizira penipeni, kawirikawiri kochita kusinthanitsa ndi nkhuku kwa wosula. Ntchito ya mwini muvi idali pa zinthu zimene chiswe ndi anankafumbwe amadya: bango, nsungwi, mtengo, nsinga, nthenga.

Agogo adali mkamwini pamudzi pathu, ochokera kutsidya kwa Linthipe. Ankakonda kuseka kuti zawo pamudzi pano ndi zitatu zokha, nkhwangwa, mphasa ndi uta, ndipo tsiku limene agogo aakazi adzawatulutsire mphasa panja, adzanyamula zomwezo n'kubwerera kwawo. Mphasayo siidatulutsidwe. Adafera pomwepo, uta uli kutsindwi.

Bango ankadula madzi ataphwa kudambo, ndipo sankangodula lililonse. Ankayenda nalo maso, kufuna lokhwima, la mfundo zotalikirana, lonenepa ngati kachala kakang'ono. Akabwera nalo ankalimanga kamtolo n'kuliika pamthunzi, osati padzuwa, kuti liume pang'onopang'ono lisang'ambike. Pakapita masabata ndiye pankabwera ntchito imene inkanditopetsa kuonerera: kuwongola. Ankaliwamba pa makala, kulipinda pang'ono pa bondo, kutsinzina diso limodzi n'kuliyang'ana kuyambira kumbuyo mpaka kumutu, akulizunguza m'zala. Kenako pamoto kachiwiri. Bango limodzi linkatha kuwadyera madzulo onse. Ndikawafunsa kuti, "Agogo, kodi silidawongoke?" ankandipatsa kuti ndione ndekha. Ine ndinkaona lowongoka. Iwo ankalilanda n'kulibwezera pamoto, osayankha.

Pokhala nsinga ya uta ankasema kuseri kwa mfundo, chifukwa mfundo ndiyo imaletsa bango kung'aluka nsinga ikakankha. Pamenepo ndi pakhosi, polowa kamutu, ankakulungapo nsinga ya pamsana pa nyama, yotafuna mpaka ifewe ngati ulusi wonyowa. Ikauma inkadzimanga yokha, yopanda mfundo ina iliyonse, ndipo pamwamba ankapakapo phula la njuchi kuopa mame. Nthenga zidali za nkhanga, zong'alula pakati. Za nkhuku ankakana, ati muvi wake umakhala wamantha, umabwerera kukhola dzuwa likamalowa. Ndidazindikira ndili wamkulu kuti ankangondiseka, koma mpaka lero sindidaonepo muvi wawo wa nthenga ya nkhuku.

Nsungwi idali ndi ntchito zake. Ya kwathu kuno, yomera m'mapiri ndi m'makwawa, ndi yolimba mkati, yosiyana ndi yachikasu yamphako ija yobzala pakhomo. Yaing'ono inkalowa m'malo mwa bango pa muvi wolemera. Yokulirapo inkakhala mpini wa nthungo, kapena kungoisema mopendekera kumapeto n'kuiwamba, basi mkondo watha. Ndi mikondo yotereyi tinkabayira milamba m'matope dziwe likamauma mu Okutobala, tikupondaponda mpaka china chake chigwedezeke pansi pa phazi. Mtengo wolimba nawonso ankausongola n'kuuzunguza pa lawi kuti nsonga ide koma isapse. Zisonga za m'mbuna, zodikira nguluwe yogwera m'dzenje, zinkapangidwa chomwecho. Agogo ankati nsungwi yodula mwezi ukuwala imafumbwa msanga. Amalume akuti nkhani si mwezi, ndi nyengo: yodula dzinja imakhala ndi madzi okoma amene tizilombo timakonda. Awiriwa adatsutsana pa zimenezi moyo wawo wonse.

Ife anyamata uta wathu udali wa nsungwi yong'alula, chingwe cha khonje kapena luzi la mombo, ndipo kumutu kwa muvi tinkasomekako chitsononkho cha chimanga. Unkapha pumbwa ndi mpheta popanda kuzing'amba, ukaphonya sunkakakamira mumtengo. Kamutu kobulungira ka pa lichero kaja ndi mkulu wake wa chitsononkho chathucho, ka njiwa ndi nkhwali. Tinkayamba ndi kulasa gulo pa thunthu la mtengo, ndipo mkono wamanzere unkakhala wofiira ndi mikwingwirima ya chingwe mpaka utaphunzira kuukhotetsa. Masewera oyang'ana muvi woponyedwa kumwamba ankatikalipira nawo kwambiri, ndipo mwambi uja wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso ife tidayamba kuumva ngati chenjezo lenileni, tisadadziwe kuti umanenanso za matenda ndi milandu.

Fupa lija ndi limene lidandibwezera kumbuyo kwenikweni.

Aliyense wokulira kuno adamva za Akafula, anthu aafupi amene Achewa adawapeza m'dziko muno. Agogo ankasimba kuti ukakumana naye ankafunsa, "Mwandionera pati?" Ukati pompano, wamunyoza kuti ndi wamfupi, muvi ukupeza. Ukati ndakuonerani patali uko, ankavina ndi chimwemwe n'kukuleka upite. Ife tinkafa nacho chiseko. Lero ndimaona kuti ndi nthano ya anthu olanda malo, yoseka amene adawalanda. Komabe mkati mwa chisekomo muli mantha, ndipo manthawo ndi a muvi. Sindidamvepo wamkulu aliyense akunena kuti Mkafula ankaphonya.

Anthuwo adasiya zizindikiro m'mapanga otizungulira. Zojambula zofiira, zozungulirazungulira ndi zamizeremizere, akatswiri amati ndi zawo, pamene zoyera ndi za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali. Malo otere m'dera la Chongoni adawerengedwa 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. M'chaka cha 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere. M'dothi la pansi pa zojambulazo mudatuluka timiyala toyera tosemedwa, tating'ono ngati chikhadabo, takuthwa, pamodzi ndi mafupa a nyama zimene ankadya ndi tizida tamafupa tosongoka. Timiyala totere ankatimatira kumutu kwa muvi ndi utomoni. Za bango, za uta, za nsinga, dothi silidasunge. Zidangokhala ngati za pa lichero lathu.

Nanga fupa lidafika bwanji m'phodo la munthu wobadwa nthawi ya atsamunda? Amalume akuti adaona ndi maso agogo akulinola pa mwala wa kumtsinje, akuthira madzi, masiku awiri, chifukwa chaka chimenecho nkhuku zidatha ndi chitopa ndipo padalibe chopereka kwa wosula. Amayi aakulu akukana. Akuti fupalo agogo adabwera nalo kuchokera kwawo, lidali la amalume awo, ndipo silinkaponyedwa, linkangokhala m'phodo kuti mivi inayo izipenya. Onse awiri amalumbira. Ine ndangolisunga.

Chitsulo chidafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo m'minda ina anthu akamalima amafukulabe zotsalira za ng'anjo. Koma pofika nthawi ya agogo ng'anjo zidali zitazima. Wosula wa kwathu, amene ndimangokumbukira phokoso la mvukuto wake wachikopa cha mbuzi, ankasula makasu otha ndi misomali ikuluikulu. Ankaphwanthitsa nsonga, kudula timano toyang'ana kumbuyo kuti muvi ukalowa usatuluke, n'kusiya kamchira kolowa m'bango. Ziwiri mwa zitsulo za pa lichero zikuoneka poyera kuti zidali misomali.

Pang'ono ndipatuke. Mvula ikakata timaloza kumwamba n'kuti utawaleza, uta wa Leza, ndipo ambiri amamva mawu omwewo a uta m'dzina la Chauta. Ana a sukulu lero amatchula mayina awiriwa tsiku ndi tsiku, koma ambiri mwa iwo uta weniweni sadaugwirepo.

Chiphe cha pa mivi agogo sankachigwira. Ankati ndi za anthu a kuchigwa, ndipo ankachitchula motsitsa mawu: kombe. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankasinja njere za chomera choyanga chimenechi n'kupaka pakhosi pa kamutu. Kamutuko kankachita kusomekedwa mosalimba, kuti nyama ikathamanga bango ligwe, chitsulo chitsale m'thupi. Mlenje ankangolondola mapazi mpaka njati igwe yokha, kenako ankadula mnofu wa pabala n'kutaya, yotsalayo n'kudya. David Livingstone ndi anzake adaziona zimenezi pamene ankayenda mu Shire kuyambira 1859. Mmodzi wa iwo, John Kirk, yemwe adali dokotala ndiponso wodziwa zomera, adasunga kombe m'thumba momwe mudalinso mswachi wake. Potsuka mkamwa adamva kuwawa, ndipo adazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njere zidapita ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser adazifufuza zaka zambiri, ndipo pofika m'ma 1880 madokotala a ku Ulaya ankapatsa odwala mtima mankhwala ochokera ku kombe. Njere zake zidakhala malonda otuluka mu Nyasaland. Dzina la sayansi la chomeracho, Strophanthus kombe, lidasunga liwu lathu. Mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku. Alenje amene adadziwa kuchuluka kwa kombe wogwetsa njati popanda kupha odya nyamayo amangotchedwa "anthu akuderalo".

Uta udayamba kuchepa mphamvu pamene kudabwera anthu a nkhondo ya mtundu wina. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidada, ndipo a Maseko pambuyo pake adadzakhazikika ku Domwe, pafupi ndi ife pano. Ankanyamula chishango chachikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi. Akuluakulu ankati muvi wa bango unkangokakamira pa chishango, ndipo usadakoke wachitatu munthu wakufika kale pamphuno. N'chifukwa chake makolo athu adamanga malinga, ena n'kuthawira m'mapanga omwe aja a Akafula. Luso lina la Angoni agogo ankalisirira poyera: polumikiza chitsulo ndi mpini ankavekapo chikopa cha mchira wa ng'ombe chili chachiwisi, chosang'amba, ndipo chikauma chinkagwira kuposa chingwe chilichonse. Mbali inayi kudali Ayao ndi mfuti za gogodera, zogula ndi minyanga ndi akapolo. Kenako azungu adalengeza ulamuliro wawo mu 1891, ndipo mu 1896 adapha Inkosi Gomani ya Angoni. Nthungo ya nkhondo idasanduka yovinira ngoma.

Uta udatsala wa ndiwo basi, koma nakonso adaupanikiza. Boma la atsamunda lidaika malamulo a nyama ndi ziphaso zimene munthu wa kumudzi sakadakwanitsa. Chongoni idakhala nkhalango ya boma, mbali zina n'kubzalamo paini, mtengo umene pansi pake gwape sapezapo chodya. Koma ine ndikuona kuti chimene chidadula kwenikweni ndi ulendo. Mnyamata ankaphunzira uta pakati pa zaka khumi ndi zaka zokwatira, akutsata amalume ake kutchire. Anyamata aja adayamba kupita ku Harare ndi ku Joni. Amalume anga eniake adapita kumigodi ya ku Joni ali ndi ndevu zongomera kumene, ndipo adabwerera pamene Kamuzu adaletsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi. Adabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete. Mpira wa m'kati mwa tayala la njinga yomweyo ndi umene tidadula kupangira legeni, ndipo mwana amene wagwira legeni, yopanga ola limodzi, yolowa m'thumba la kabudula wa sukulu, sungamuuzenso zowongola bango madzulo onse.

Uzimba womaliza umene ndidauona ndidali ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi. Kudali kutatentha kale tchire, nthaka ili yakuda, msipu ukungotumphuka. Dzulo lake a mfumu adathira ufa patsinde pa msolo, ndipo amuna onse opita adagona padera, pakuti wopita kuuzimba ali wotentha amaingitsa nyama kapena kuvulaza anzake. Amayi otsala kumudzi nawonso adali ndi mwambo wawo wosunga. Kusadache kudalira lipenga la nyanga. Ndimakumbukira agalu akulira mosaugwira mtima, mivi ikugogodana m'maphodo, ndi mapazi a anthu ngati makumi atatu pa lupsa, phulusa likufuka mpaka m'mphuno. Ife ana tidaikidwa pakati pa mzere, ntchito yathu kukuwa ndi kumenya zitsamba. Eni mauta adali kumapeto konse kuwiri, eni zibonga ndi nthungo pakatikati.

Tsiku lonse tidapha akalulu awiri ndi gwape mmodzi. Akuluakulu adachita manyazi, nayamba kusimba za masiku a mphoyo ndi ngoma, za nthawi imene njovu ikagwa mnyanga wogunda pansi unkapita kwa mwini dziko. Koma gwape mmodziyo adautsa mlandu wokwana njovu.

Lamulo la uzimba lidali lodziwika: nyama ndi ya amene wayamba kulasa, ngakhale atangoikanda. Wolasa kachiwiri kapena womaliza ndi chibonga amalandira mwendo, a mfumu gawo lawo, otsala n'kugawana zotsala. Gwape uja adagwa ndi mivi iwiri, wina m'nthiti, wina pa ntchafu, ndipo amuna awiri aliyense ankati woyamba ndi wake. Mivi yokha siidavute kuzindikira. Munthu aliyense adali ndi kamangidwe kake ka nsinga, kadulidwe kake ka nthenga, timizere take totentha ndi waya pafupi ndi mfundo. Wa agogo udali ndi timizere titatu ndi kamtanda. Padalibe wolemba dzina, koma mudzi wonse unkawerenga. Chovuta chidali chakuti woyamba ndi uti. Adaitana agogo, osati chifukwa adali a mfumu, koma chifukwa sadaponye nawo. Adagwada, kuyang'ana mabala onse awiri, kubwerera m'mbuyo motsata madontho a magazi pa phulusa mpaka pamene adayambira, n'kuona mapazi. Adati pamene magazi adayambira gwape adali akukoka kale mwendo, choncho wa pa ntchafu ndiye woyamba. Wa m'nthiti, amene muvi wake ndiwo udapha, adalandira mwendo wake akung'ung'udza njira yonse. Madzulo ake awiriwo adamwera chipanda chimodzi.

Chaka chotsatira lipenga silidalire. Palibe adaletsa, palibe adalengeza. Pamene lamulo la nyama zakutchire la 1992 linkabwera, ndi zilango zake zimene adaziwonjezera mu 2017, kwathu kuno lidapeza kulibe woti limugwire, kupatula anyamata okumba mbewa. Sindikudandaula za lamulolo. Nyama zidatha, ndipo ife tidathandiza kuzitha, ndi moto wathu, ndi makasu athu, ndi makhwekhwe a waya amene sasankha yaikazi kapena yabere. Nthungo ndimazionabe ku Ntcheu pa Umhlangano, zonyezimira, zina mipini yake yopaka vanishi. Mivi ndimaiona kwa ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu, yokongola ndithu, koma ukaiyang'ana ndi diso limodzi monga ankachitira agogo, umaona kuti ikadaponyedwa ikadakalasa munthu wa pambali.

Malata atakhomedwa, ndidapita kudambo la kumunsi kumene kwatsala bango pang'ono m'malire a madimba, n'kudula asanu. Ndidawaumika pamthunzi monga ndidaonera. Nditabweranso kumudzi mwezi watha ndidawatengera kwa amalume, amene tsopano maso ayamba kuchita nkhungu.

"Amalume, tandiwongolerani limodzi."

"Iwe, ine ndi wa ku Joni. Zimenezi adapita nazo eni ake."

Adakana choncho, koma dzanja lidali litatambasuka kale. Adasendeza mbaula ndi phazi, kuliwamba bango, kuliika pa bondo, kutsinzina diso. Zala zidayamba kulizunguza zokha. Adzukulu awo adasiya foni n'kuyandikira. Loyamba lidathyoka. Lachiwiri lidapsa. Adatukwana bango la masiku ano, ati lakulira feteleza wa m'madimba, lilibe msana. Lachitatu adakhala nalo mpaka nsima idazizira, akulibwezera pamoto, kulichotsa, kuliyang'ana. Kenako adandipatsa.

"Taona."

Ndidaliyang'ana kuyambira kumbuyo mpaka kumutu. "Lawongoka, amalume."

Adalilanda n'kulibwezera pamoto.